Chemistry iyambire pa chidede ndi misomali

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za momwe ana a Folomu 1 amayambira Chemistry m'sukulu za sekondale kuno ku Mulanje ndi Thyolo. Sabata zoyamba zimathera kukopera manotsi: mayina a zipangizo za mu labotale zomwe mwana sanazionepo, ndi ndondomeko ya kafukufuku wa sayansi yoti aloweze. Amalowezadi, koma mukamufunsa kuti angatsimikize bwanji ngati mchere umafulumizitsa dzimbiri, amangoti kakasi. Kusowa kwa labotale, makamaka m'sukulu za sekondale zoyendera za m'madera (CDSS), n'kodandaulitsa, koma chiyambi cha phunziroli sichilira labotale.

Tengani chidede chouma chodzaza dzanja, muchiviike m'kapu imodzi ya madzi owira kwa mphindi 10, musefe ndi kansalu. Kenako sungunulani ndi madzi ena mpaka kufiira kwake kukhale kopepuka. Ambiri amalakwitsa apa. Chidede n'chowawasa kale, ndiye chikakhala chokhathamira, asidi wake amagonjetsa soda ndipo mtundu susintha. Gawani madziwo mofanana m'mabotolo oonekera asanu. M'loyamba musathiremo kanthu, ndilo loyerekezera. M'enawo thirani sipuni imodzi ya madzi a mandimu, viniga, madzi a soda wophikira therere, ndi chidulo chosefa bwino. Mandimu ndi viniga, omwe ndi asidi, amawalitsa kufiira, pomwe soda ndi chidulo, zomwe zimatsutsana ndi asidi, zimasintha mtundu: soda amakudetsa, chidulo chimabiriwiritsa. Ana alembe mtundu nthawi yomweyo, chifukwa botolo la chidulo likakhalitsa limasanduka lachikasu. Chidulo chimaononga maso, choncho madzi osambira akhale pafupi, ndipo pasapezeke wolawa kanthu.

Za dzimbiri n'zomwe zimaphunzitsa bwino kafufuzidwe, ndipo kuno kwa mvula yambiri palibe mwana amene sanaone khasu kapena lata litadyeka. Ana ayambe alemba zomwe akuganiza kuti zichitika, asanagwire chilichonse. Pakufunika mabotolo anayi ndi misomali inayi yofanana, yokwechedwa ndi sitiliwulu. Woyamba ulowe theka m'madzi wamba, botolo lotsegula. Wachiwiri chimodzimodzi, koma m'madzi okwana mamililita 100 muthiremo sipuni yaing'ono ya mchere. Wachitatu umire wonse m'madzi omwe awira kwa mphindi 10, pamwamba muthire mafuta ophikira okwera sentimita imodzi kuti mpweya usabwerere. Wachinayi ukhale m'botolo louma lotseka, limodzi ndi katumba ka silica gel (timibulu toyamwa chinyezi) kamene kamapezeka m'mabokosi a nsapato. Muziona tsiku lililonse kwa sabata yathunthu.

Chitsulo chimachita dzimbiri pakakhala madzi ndi oxygen wa mu mpweya pamodzi, n'chifukwa chake msomali wachitatu ndi wachinayi sayenera kusintha. Koma nthawi zina wachitatu amachita dzimbiri ndithu, poti madzi anatsanulidwa kuchokera m'mwamba n'kumwanso mpweya, kapena anazizira asanathiridwe mafuta. Nthawi zina yonse inayi imangokhala mbee, chifukwa munagula misomali yokhomera malata, yomwe imakutidwa ndi zinc woiteteza ku dzimbiri. Zikatero, aphunzitsi anzathu, musauze ana kuti afufute n'kulemba za m'buku. Chizolowezi chimenechi chimatipweteka mtima, chifukwa chimaphunzitsa mwana kukana maso ake. Alembe zomwe waona, afufuze chomwe chalakwika, abwerezenso. Magulu atatu akachita zofanana, ndiye pamaoneka ngati zotsatira n'zodalirika. Afunseninso chifukwa chake botolo loyamba ndi lachiwiri ayenera kufanana pa zonse kupatula mchere.

Tiyi nayenso alipo pakhomo. Mafakitale a kuno amaphwanya masamba n'kuwasiya pa mpweya mpaka asanduke ofiirira, kenako moto wa choumitsira umaimitsa kusinthako. Mwana angathe kuzionera yekha. Athyole tsonga zanthete, theka aziviike m'madzi owira kwa mphindi imodzi, kenako asinje magawo onse awiri payekhapayekha n'kuwayanika pa mbale. Pakatha maola awiri, zosaviika zija zimafiirira, zoviika zimakhalabe zobiriwira, chifukwa kutentha kwaononga ma enzyme amene amagwirizanitsa tsamba ndi oxygen. Pokumbukira za asidi zomwe anaona pa chidede, n'kosavuta kufotokoza zoti tiyi amakonda dothi la asidi, la pH (muyeso wa asidi) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, zomwe akatswiri a bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation ku Mimosa, ku Mulanje, amayeza pa ntchito yawo.

Pempho lathu kwa aphunzitsi akuluakulu ndi makomiti a makolo n'lakuti apatule kandalama ka misomali, viniga ndi soda teremu yoyamba isanayambe, ndiponso kuti Chemistry ya Folomu 1 ipatsidwe mapiriyodi awiri otsatizana pa sabata. Mphindi 40 zimatha ana akadasefa chidede.

Aphunzitsi a Chemistry,
Mulanje