Intaneti talipira tokha, bwanji mukutitsina mobisa?

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Mufakose kuno ku Harare. Agogo anga anachokera ku Dedza nthawi ya Federation kudzagwira ntchito kuno, ife tabadwira konkuno koma Chichewa sitinachitaye. Ntchito yanga ndi kujambula mavidiyo pa maukwati, pa maliro, komanso gule akatuluka. Nde pali nkhani yandiwawa kwambiri, ndati ndiyitulutse kuti anzanga adziwe.

Mwezi wathawu tinavundukula chiliza cha agogowo, ndinajambula zonse kuyambira kumanda mpaka azimayi akuyimba pakhomo, vidiyo inakwana 9GB. Achibale ku Dedza, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg onse akuyifuna. Pa WhatsApp ayi, imafinya vidiyo mpaka nkhope za anthu osazindikirika, nde amalume anga maso awo ndi okalamba kale. Ndinapanga torrent basi. Kwa amene simukudziwa, BitTorrent anayipanga Bram Cohen mu 2001, imadula fayilo mtizidutswa ting'onoting'ono ndipo aliyense amene walandira kachidutswa amagawiranso anzake nthawi yomweyo, ngati mmene timathandizirana kusenza njerwa, wina apatsa wina. Ubwino wake magetsi akathima, zomwe kuno sizachilendo, imapitiriza pomwe inalekeza osayambiranso.

Koma zomwe ndinaona! Madzulo YouTube ikuyenda bwinobwino, ana akuonera makatuni osadukiza, koma torrent yanga ikukwawa pa 30KB pa sekondi, kamzere kobiriwira kaja kangoti njoo pamodzimodzi. Masiku 4 laputopu ili chiyakire patebulo, msuweni wanga ku Lilongwe akungoimba kuti achimwene kodi mwatumizadi? Mwana wa mlongo wanga anandiikira VPN, pulogalamu yomwe imabisa zomwe ukutumiza kuti kampani ya intaneti isazione, nthawi yomweyo sipidi inalumpha, rawuta yomweyo, waya yemweyo, ola lomwelo. Ndazimitsa VPN yatsikanso. Apa mpomwe ndinadziwa kuti si netiweki yavuta ayi, alipo akuchita kutsina dala.

Ndinaimbira kampani yomwe ndimalipirako mwezi ndi mwezi. Woyamba akuti zimitsani rawuta muyatsenso bambo, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu mpomwe anavomera monong'ona kuti eya zinthu za torrent timazichepetsa mphamvu madzulo, zili mmalamulo athu. Malamulo ake ati? Papepala lomwe anandipatsa polembetsa panalembedwa zilembo zikuluzikulu kuti intaneti yopanda malire, za kutsinazo palibe anandiuza ngakhale mmodzi.

Izitu sizinayambire kuno. Ku America mu 2007 kampani ya Comcast inagwidwa ikuchita zomwezi, makina awo ankatumiza uthenga wabodza kumakompyuta awiri omwe akugawana fayilo, iliyonse nkumaganiza kuti inzake yadula. Atolankhani a Associated Press anayesa potumiza Baibulo pa BitTorrent, Baibulo lenilenilo, nalonso linkatsekeredwa panjira. Bungwe la FCC, loyang'anira za mauthenga ku America, linagamula mu August 2008 kuti kampaniyo yalakwa, ngakhale khoti linadzanena mu 2010 kuti FCC inalibe mphamvu zotere. Mfundo yanga ndi yoti makinawo sadziwa kuti iyi ndi filimu yakuba kapena ndi chiliza cha agogo anga, amangoona kuti ndi torrent basi nkuponda. Ana asukulu amene amadawuniloda Ubuntu, pulogalamu yoyendetsera kompyuta yomwe ndi yaulere ndipo eni ake amayigawa okha pa torrent, nawonso akulangidwa ngati akuba.

Sindikukana kuti alipo amaba mafilimu ndi nyimbo, alipo ambiri, ine monga wojambula zimandipwetekanso munthu akatenga ntchito yanga osalipira. Sindikukananso kuti madzulo anthu timachuluka pa intaneti, dziko lino la Zimbabwe lilibe nyanja yamchere nde mawaya athu amachita kudzera ku Mozambique ndi ku South Africa, ndalama zake si zamasewera. Koma ngati msewu wadzaza chepetsani sipidi kwa onse mofanana kapena kwa amene wadya data yambiri, osati kumasuzumira mkatundu wa munthu nkusankha kuti uyu adutse uyu adikire. Ndipo chachikulu nenani poyera munthu asanatulutse ndalama yake, alembe kuti kuyambira ola lakuti mpaka lakuti torrent izikhala pa sipidi yakuti, ine ndiwerenge ndisankhe ndekha. Madola amenewa timawapeza movutikira.

Ife a kuno timakumbukira January 2019 pomwe intaneti inatsekedwa dziko lonse, kenako High Court inanena kuti lamulo lotseka intanetilo linali losavomerezeka, masiku amenewo abale ku Malawi sankadziwa ngati tili moyo. Kutsina kwa torrent nkochepa poyerekeza ndi zija, koma kumandidetsa nkhawa chifukwa kukuchitika mwakachetechete ndipo ambiri amangoti foni yanga yakalamba kapena netiweki lero yavuta, osadziwa kuti pali munthu anachita kukhazikitsa zimenezo.

Nde pempho langa likupita kwa mabungwe oyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, a POTRAZ kuno, ndi a MACRA kumudzi ku Malawi poti owerenga anu ambiri ali kumeneko: akakamizeni makampaniwa kulemba zomwe amachepetsa, mchilankhulo chomwe anthu amamva, pa tsamba loyamba lomwe pali mtengo. Ine kalata yodandaula ndalemba kale ndipo ndasunga zithunzi za sipidi, ya VPN ndi yopanda VPN, tsiku ndi ola lake. Anzanga a ku Mbare, Highfield ndi Epworth amene mwaona zofanana jambulani zanunso, tikazipereke limodzi.

Vidiyo ija inafika ku Dedza patatha sabata, amalume anaonera pa laputopu ya mphunzitsi wina wa pamudzipo.

Ine wowerenga wanu,
Mufakose, Harare