Kalata yothokoza nthambi yoyeza matenda a mbewu

Kwa Bwana Mkulu ndi onse ogwira ntchito ku labotale,

Tikulemba m'malo mwa alimi a mavwende ndi alangizi awo, kuthokoza ntchito yanu yoyeza masamba ndi kulondola mavairasi ofalitsidwa ndi tizilombo. Chatikhudza kwambiri n'chakuti zotsatira zanu zimatchula vairasiyo ndi dzina lake, chifukwa dzinalo ndi limene limauza mlimi kachilombo koti alimbane nako.

Maso okha amanama. Masamba akale akachita chikasu pakati pa mitsempha n'kumathetheka ukawapinda, ambiri amati nthaka yasowa magnesium n'kuthamangira feteleza, chonsecho ndi vairasi yotchedwa CYSDV yobwera ndi ntchentche zoyera za mtundu wa Bemisia tabaci, kapena ina yotchedwa CABYV yobwera ndi nsabwe za m'mbewu. Vwende la pamtsitsi wotere limaoneka bwino koma silitsekemera. Masamba anthete akachita mawangamawanga n'kupiringizika, zipatso n'kutuluka zotupatupa, pamenepo n'kutheka kuti ndi mavairasi ena obwera ndi nsabwe, otchedwa ZYMV, WMV, PRSV kapena CMV, ndipo kawirikawiri mavairasi awiri amakhala m'chomera chimodzi. Kuyeza kwanu masamba ku labotale ndi njira yotchedwa ELISA, ndi ina yotchedwa RT-PCR pamene vairasi ili yochepa m'tsamba, n'kumene kumathetsa chikayiko.

Tikuthokozanso kuti mwanena mosabisa za malire a mankhwala opopera. Nsabwe ya Aphis gossypii ikalawa tsamba lodwala, imatola ZYMV pamlomo m'masekondi ochepa, n'kukaisiya pachomera china mphindi imodzi isanathe. Mankhwala amaipha itapatsira kale, ndipo ena amaisowetsa mtendere mpaka imalumpha pazomera zambiri. Ndiye pamatenda a mawangamawanga chothandiza ndi pulasitiki yonyezimira yoyala pamizere, nsalu yophimba mbande (kuichotsa maluwa akayamba, apo ayi njuchi sizilowa), ndi kuzula msanga zomera zodwala n'kuzitulutsa m'munda zili m'thumba. Ntchentche zoyera n'zosiyana: zimayamwa nthawi yaitali kuti zitole CYSDV ndipo zimaisunga masiku angapo, choncho kuchepetsa chiwerengero chake kumachedwetsa matenda ndithu.

Malangizo anu a katengedwe ka masamba achepetsa zitsanzo zowonongeka. Pa mawangamawanga tengani masamba anthete akunsonga, pa chikasu tengani apakati kapena akale omwe sanaume. Chomera chilichonse chikhale ndi thumba lakelake, muli pepala louma, ndipo palembedwe tsiku, mtundu wa mbewu, tsiku lobzala ndi malo enieni a munda monga mwa GPS. Zisungidwe pozizira, pafupifupi madigiri 4 Celsius. Tsamba lonyowa kapena losiyidwa m'galimoto yotentha limavunda, RNA ya vairasi (kachigawo kake kamene RT-PCR imafufuza) n'kuwonongeka, zotsatira n'kunena kuti mulibe matenda pamene alimo. Vuto limeneli n'loopsa kuposa kusayeza n'komwe.

Pomaliza, mapu anu a mlungu ndi mlungu. Misampha yachikasu yomata, yoikidwa pamwamba pang'ono pa masamba, makamaka m'mphepete mwa munda kumene kumachokera mphepo, n'kusinthidwa masiku 7 alionse, imaonetsa tsiku limene tizilombo tayamba kuchuluka. Zizindikiro zimachedwa: mawangamawanga amaoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chikasu cha CYSDV pafupifupi sabata zitatu. Mukaphatikiza ziwerengero za misampha ndi zotsatira za labotale, mlimi amaona komwe matenda akulowera asanafike, amadziwa munda wakale wa maungu kapena nkhaka woyenera kutipulidwa, ndiponso nthawi yosiya dera lonse lopanda mbewu za banja la mavwende, maungu ndi nkhaka kwa milungu ingapo.

Pempho lathu ndi limodzi: muziyezanso udzu wa m'mphepete mwa minda, ngakhale wooneka wathanzi, popeza mavairasiwa amabisala m'menemo pakati pa nyengo ziwiri zolima.

Zikomo kwambiri, Bwana, inu ndi anzanu onse.

Ife anu,
Alimi a mavwende ndi alangizi awo