Kalata kwa makolo pakutha kwa teremu yachiwiri: za gulu la uinjiniya

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi onse. Teremu yachiwiri yatha, ndipo malipoti a ana mwalandira pamodzi ndi kalata ino. Zikomo kwambiri chifukwa chotumiza ana kusukulu nyengo yonse ya dzinja, ngakhale masiku omwe misewu inali matope okhaokha.

Nkhani yomwe ndikufuna tiimvetsetsane bwino ndi ya ana omwe amagwira zinthu msanga m'kalasi. Mwana wotere amamaliza masamu khumi anzake adakali pa funso lachitatu, kenaka amasowa chochita, amayamba kulongolola, mwinanso kujomba kumene. Kumuonjezera masamu ena ofanana ndi omwewo sikumuthandiza. Iye amafunika ntchito yomwe yankho lake mulibe kumapeto kwa buku, yoti ayese, zikanike, afufuze chomwe chalakwika, ayambirenso. N'chifukwa chake tili ndi gulu la uinjiniya, lomwe limakumana Lachitatu lililonse tikaweruka. Muli ana a Fomu 1 ndi Fomu 3, poti a Fomu 2 ndi Fomu 4 atanganidwa ndi mayeso a JCE ndi MSCE. Sitiyang'ana nambala ya pa lipoti yokha posankha. Mwana wokonda kufunsa, kapena amene amamasula wailesi yakufa kuti aone zamkati, malo ake alipo. Palibe ndalama yolipira.

Teremu ino ana amamanga milatho ya nsungwi. Malamulo ake ndi awa: ana anayi pa gulu, timitengo ta nsungwi 30 totalika masentimita 25 kalikonse, ulusi ndi guluu wa matabwa. Mlathowo udutse mpata wa masentimita 40 pakati pa madesiki awiri. Poyesa timakoleka ndowa pakati pa mlatho n'kumathiramo madzi lita imodzi imodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ana amawerenga okha katundu amene mlatho wanyamula usanathyoke. Kenaka amagawa kulemera kwa katunduyo ndi kulemera kwa mlathowo. Wopambana si amene wamanga chimlatho cholemera, koma amene wanyamula zambiri ndi nsungwi zochepa.

Funsani mwana wanu akuonetseni ichi pakhomo. Amange timitengo tinayi m'makona anayi n'kukankha pa kona imodzi: chinthucho chimapendekeka nthawi yomweyo. Akapingasa kamtengo kachisanu kuchoka pa kona ina kufika pa kona yoyang'anana nayo, pamatuluka zigawo ziwiri za makona atatu, ndipo sichigwederanso. Milatho yachitsulo yomwe mumaiona yodzaza ndi zitsulo zopingasa imalimba pa chifukwa chomwechi.

Mlatho ukanyamula katundu, mtengo wapamwamba umapanikizika pomwe wapansi umakokedwa. Nsungwi imapirira kukokedwa, koma ikakhala yaitali ndi yopyapyala, kuipanikiza imapindikira kumbali n'kuthyoka. Mankhwala ake ndi kuphatikiza timitengo tiwiri pamwamba, kapena kufupikitsa mpata pakati pa malo omwe timitengo talumikizana. Zina zomwe zimagwetsa milatho ya ana ndi kufulumira kuyesa guluu asanaume (amafunika tsiku lathunthu), nsungwi zaziwisi zomwe zimawerama, ndi kuiwala kulumikiza mbali ziwiri za mlatho mopingasa, moti umapotoka usanalemedwe n'komwe. Tinakambirananso za milatho yomwe inakokoloka ndi namondwe wa Freddy m'chigawo cha kummwera mu March 2023. Mlatho ukhoza kukhala wolimba pamwamba koma n'kugwa chifukwa madzi akumba dothi pansi pa nsanamira zake.

Teremu yachitatu tidzapanga magetsi ndi mphepo, popeza mwera umaomba kwambiri mu June ndi July. Ambiri mukudziwa za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina otere ndi dayinamo ya njinga, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Athu adzakhala aang'ono, pa mtengo wosapitirira mamita atatu.

Dayinamo ya njinga imatulutsa mavolti 6 ndi mawati 3, koma pokhapokha ikamazungulira mothamanga. Apa ndi pomwe masamu amalowera. Wilo la njinga yakapalasa ndi lotambalala masentimita pafupifupi 70, pomwe kamutu ka dayinamo kamene kamakhudza tayala ndi ka masentimita awiri. Wilo likazungulira kamodzi, kamutuko kamazungulira maulendo pafupifupi 35. Mapiko tidzadula ku paipi ya PVC ya mamilimita 110, kuing'amba m'litali, phiko lililonse masentimita 60, n'kuwamanga pa wilo ndi mabawuti. Onse ayenera kulemera mofanana pa sikelo, apo ayi wilo limanjenjemera mpaka mabawuti kumasuka. Mapiko akachepa, kapena dayinamo ikakanikiza tayala kwambiri, makina sadzuka n'komwe mphepo ikakhala yochepa.

Poyamba tidzayatsa babu la njinga lomwe. Kenaka tidzayesa timababu ta LED tochotsa m'matochi akufa. Kababu koyera kamafuna mavolti atatu okha ndi mphamvu yochepa kwambiri, ndiye kukalumikiza mwachindunji ku dayinamo kamapsa mphepo ikangokula. Pamafunika resistor pakati, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi yopita ku kababuko. Ana adzawerengera okha kukula kwake, ndipo yankho limafika pa ma ohm 150, koma timaika ya 220 chifukwa dayinamo ikathamanga imapyola mavolti 6. Magetsi a dayinamo amapita uku ndi uku, choncho timalumikiza timababu tiwiri ta LED, kena kotembenuza, kuti tiziyaka molandirana.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Ngati pakhomo pali dayinamo yakale, wilo la njinga lomwe linasiya ntchito, tochi yakufa, zidutswa za paipi kapena za waya, musataye, mwana adzabwere nazo potsegulira. Nsungwi zidulidwe tsopano ndi kuumikidwa pamthunzi, chifukwa padzuwa zimang'aluka. Musagule chilichonse chatsopano. Mwana aliyense akhale ndi kope limodzi la gululi, momwe azijambula chomwe akufuna kupanga, miyeso yake, ndi chomwe chachitika atayesa. Kopelo timalionetsetsa kuposa chinthu chomwe wapanga.

Mukaona zikumukanika, chonde musamupangire. Mufunseni kuti chathyoka pati, ndipo akuganiza kuti n'chifukwa chiyani. Ana aakazi apatsidwenso mpata womwewo. Kuno mtsikana amagwira sowo ndi pulayala mofanana ndi mnyamata, sitimusiyira ntchito yolembera gulu basi. Nthawi ino yokolola ntchito zimachuluka, koma ola limodzi patsiku mutamupatsa lingakwane.

Za chitetezo ndikunenetsa. Mwana asayese chilichonse pa magetsi a ESCOM a m'nyumba, chifukwa mavolti 230 amapha. Asaimike mtengo pafupi ndi mawaya a magetsi. Asaphwanye mabatire, ndipo batire la galimoto asaliyandikire, muli asidi. Paipi ya PVC isaotchedwe pamoto, utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Ntchito yodula ndi sowo kapena mpeni ichitike wamkulu ali pomwepo.

Ena mwa ana amenewa akulakalaka kudzaphunzira uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo, ena ntchito zamanja m'makoleji a TEVETA. Konseko Masamu ndi Fizikisi zimafunika, choncho mwana wa m'gululi amene wayamba kutsika m'kalasi timayamba tamuimitsa kaye mpaka atabwerera m'chimake.

Sukulu idzatsegulidwa pa tsiku lomwe lili pa kalendala ya Unduna wa Zamaphunziro, monga talembera pa lipoti. Pa msonkhano woyamba wa makolo ndi aphunzitsi ana adzayesa milatho yawo pamaso panu. Amene muli akalipentala, owotcherera zitsulo kapena okonza njinga, ndipo mungathe kudzathandiza Lachitatu limodzi, mudzandipeze ku ofesi sabata yotsegulira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu