Kwa mwana wanga wopita ku Aberdeen

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, takolola kale, bambo ako akupereka moni. Uthenga wako woti viza yatuluka ndauwerenga katatu. Ndiye ukupitadi ku Camphill, kunja kwa mzinda wa Aberdeen ku Scotland, kukakhala chaka chathunthu nyumba imodzi ndi ana aulumali, popanda malipiro. Azakhali ako akuti sukulu yonse ija yathera kukasambitsa ana a eni. Ine sindikutero. Malowo anawayambitsa mu 1940 dokotala wa ana, Karl König, ndi anzake amene anathawa ulamuliro wa Hitler ku Vienna. Anthu otayidwa ndi dziko lawo anasankha kudyera pamodzi ndi ana amene ena ankawatsekera kutali ndi maso a anthu. Mtima umenewo ukaupeze, ndipo usakafike ngati mpulumutsi.

Chimene ndikufuna ukatenge ndinachiphunzira mochedwa, kwa malemu mlongo wako. Unali wamng'ono, mwina sukumbukira. Manja ake ankanjenjemera, supuni ya phala inkafika pakamwa theka litatayikira pamalaya. Tsiku lina ndikuthamangira kuchigayo ndinamulanda supuniyo n'kuyamba kumudyetsa. Anatseka pakamwa, n'kutembenukira kukhoma, osadyanso mpaka madzulo. Ndinkati ndi makani, osadziwa kuti ndamulanda chinthu chimodzi chokha chimene ankachita yekha. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Choncho ukaona mwana akulimbana ndi batani la malaya, manja ako akuyabwa kuti umuthandize, uwaike kumbuyo, udikire. Akafuna thandizo akuuza, kaya ndi mawu, kaya ndi maso. Ngati amayendera njinga ya anthu aulumali, usaikankhe usanamufunse. Imeneyo ndi miyendo yake. Ndipo uzilankhula ndi iye mwini, osati ndi wamkulu amene waima pambali pake.

Ambiri mwa anawo salankhula ngati ine ndi iwe. Kumeneko amagwiritsa ntchito Makaton, kulankhula ndi manja komanso zithunzi kwinaku ukutchula mawu. Ukaphunzire mwakhama sabata zoyamba zomwe. Wina akagwa khunyu usakachite mantha. Sapatsirana, zija ankanena kumudzi nzabodza. Usamuike kanthu m'kamwa, usamupanikize, umutchinjirize mutu, uyang'ane wotchi, kugwedezeka kukatha umugoneke cham'mbali. Zikapitirira mphindi 5 pafunika ambulansi. Akakuphunzitsa zambiri kuposa izi, uzikamvera.

Zithunzi za anawo usakaike pa Facebook, ngakhale mtima utakukoka bwanji. Ali ndi makolo awo, ali ndi ulemu wawo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi tsiku lobwerera. Iwe ukudziwa kuti chaka chikatha ukwera ndege, koma mwana amene wazolowera kuti m'mawa uliwonse ndiwe umamutsegulira makatani sadziwa. Usakalonjeze zoti ubweranso ngati sukutsimikiza. Ukamuuze nthawi ikadalipo, mobwerezabwereza, mumawerengera limodzi masiku pakalendala, kuti asadzadzuke tsiku lina n'kupeza chipinda chako chili mbee.

M'Disembala kumeneko kumada isanakwane 4 koloko masana, ndipo chisanu chake si cha ku Dedza chija. Mdimawo ukakulemera usakadzitsekere, ukauze anzako, undiimbirenso ine. Ndakusokera juzi yokhuthala, ndaikamo ndi chitenje chimene ndinkamuberekera mlongo wako. Ubwere udzatenge Loweruka, agogo ako akufuna akuone usananyamuke.

Ndine mayi ako.