Batire likatha, mtovu wake usathere m'magazi a ana athu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu za vuto limene lalowa m'makomo mwathu mwakachetechete pamodzi ndi magetsi a sola, ndilo poizoni wa mtovu, chitsulo chotuwa ndi cholemera chija chimene pa Chingerezi amati lead. Kuno kunyanja kumene ndimakhala, banja lililonse limene lapezako kangachepe lili ndi batire la galimoto kapena la sola lowunikira m'nyumba, kutchajira mafoni ndi kuyimbira wailesi. Zimenezi nzabwino ndithu, chifukwa ana akuwerenga usiku popanda utsi wa koloboyi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zimene timachita batirelo likatha mphamvu.

Mwezi wathawu ndinapeza bambo wina ataswa batire lakutha ndi chikwanje pabwalo la nyumba yake, atakhuthulira asidi pansi, ndipo akusungunula timapale ta m'kati mwake m'chitini pa mbaula kuti apange zolemeretsa ukonde. Pafupi pomwepo mkazi wake anali atayanika ufa pa mkeka, ndipo kamwana kawo kokwawa kankatola tizidutswa n'kumaika m'kamwa. Bamboyo sindingamunene kuti ndi wosasamala, chifukwa palibe anamuuzapo kuti zoposa theka la kulemera kwa batire ngati limenelo ndi mtovu, ndiponso kuti chitsulochi chimasungunuka pa madigiri 327 okha, kotero moto wa makala umakwanira kuchisandutsa utsi ndi fumbi zimene zimakhazikika pa dothi, pa zovala ndi pa chakudya. Mtovu suwola ayi. Ukagwera m'dothi la pabwalo umakhala momwemo zaka zambirimbiri.

Amene angaganize kuti ndikukokomeza amve zimene zinachitika ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Dakar m'dziko la Senegal. Kumeneko anthu anakhala akuswa mabatire kwa zaka zambiri, ndipo mtengo wa mtovu utakwera, amayi anayamba kukumba ndi kusefa mchenga wa pamalopo n'kumatutira kunyumba kuti apezemo tizidutswa togulitsa. Pakati pa kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008, ana 18 anamwalira ndi matenda a mu ubongo amene poyamba sanadziwike chiyambi chake. Mu 2010, m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria, ana pafupifupi 400 anafa chifukwa makolo awo ankapera m'makomo miyala ya golide imene inali ndi mtovu wambiri. Ngakhale kwa anansi athu ku Zambia, mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'madera a Kasanda, Chowa ndi Makululu akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha fumbi limene linatsala.

Chovuta kwambiri ndi chakuti poizoniyu amafanana ndi matenda ena amene tinawazolowera. Mwana amadandaula m'mimba, amadzimbidwa, safuna kudya, amakwiya msanga, amafooka ndipo magazi amachepa, kotero kholo limathamangira kuganiza za njoka zam'mimba kapena malungo. Mtovu ukachuluka kwambiri mwana amasanza, amagona tulo tosadzutsika ndi kukomoka ngati wakhunyu, ndipo apa mpamene ena amayamba kulozana zala kuti mwana walodzedwa. Koma ana ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse, ndipo kwa ine, amene ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, apa mpamene pali chisoni chachikulu. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula, moti mwana amachedwa kuyankhula, satha kukhazikika m'kalasi ndipo amaiwala msanga zimene waphunzira. Ndikakumbukira ana ena amene tinkawatcha mbuli n'kumawabwereza kalasi, ndimadzifunsa ngati onsewo linalidi vuto la ulesi. Lipoti la UNICEF ndi bungwe la Pure Earth la mu 2020 linati mwana mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi, kutanthauza ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika kapena kupitirira mlingo wa 5 pa muyezo umene madokotala amayezera mtovu m'magazi (mamaikulogalamu pa desilita), ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ungatchedwe wosavulaza.

Ana aang'ono ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu chifukwa amaika chilichonse m'kamwa, ndipo thupi lawo limayamwa mtovu mochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, makamaka ngati ali ndi njala kapena akusowa ayironi ndi kashiamu. Akuluakulu nawo sapulumuka, pakuti amadwala BP, impso ndi kufooka kwa manja. Thupi limasunga mtovu m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zochuluka, ndipo mayi akakhala woyembekezera mtovuwo umatulukanso kulowa m'magazi n'kukafika kwa mwana wosabadwayo, kapena kuchititsa kuti pathupi papite padera.

Njira yokhayo yotsimikizira ndi kuyeza magazi. Choncho kholo limene mwana wake akudwaladwala m'mimba kapena wakomoka koma malungo sanapezeke, liwauze adokotala ngati pakhomopo pamakonzedwa mabatire, pamasungunulidwa zitsulo kapena papalidwa penti yakale, chifukwa dokotala sangalote zimene zimachitika pabwalo panu. Malangizo a WHO a mu 2021 amati mtovu ukafika pa mlingo wa 5 uja, choyamba ndi kufufuza kumene ukuchokera n'kuchotsa gwero lake. Ukafika pa 45 mwa mwana wamng'ono, mpamene amapereka mankhwala ogwira mtovu n'kuutulutsira mu mkodzo, monga succimer wakumwa kapena jakisoni wa calcium EDTA, ndipo izi zimachitikira kuchipatala basi. Mankhwalawa amapulumutsa moyo, koma sabwezeretsa nzeru zimene zawonongeka kale, ndipo mwana akabwerera kukakwawa pa dothi lomwe lija mtovu umakweranso. Ndichenjezenso anyamata okonza mabatire ndi owotcherera amene amakhulupirira kuti kumwa mkaka akaweruka kumatsuka poizoni. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma sutulutsa mtovu m'magazi, monganso kuwiritsa madzi sikuchotsa mtovu m'madzimo.

Pakhomo tingayambe ndi zinthu zosalira ndalama. Batire lakutha lisaswedwe, lisungidwe chilili pamalo osafika ana mpaka litaperekedwa kwa ogula amene amalitenga lathunthu. Wogwira ntchito ya mabatire asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana, zovalazo zichapidwe pazokha, ndipo asadyere pamalo pa ntchito. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo m'nyumba mwa simenti tizikolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa fumbi n'kulimwaza. Usipa, matemba, nyemba, bonongwe ndi nkhwani zimathandiza kuti thupi lisayamwe mtovu wambiri, ngakhale sizingateteze mwana amene akusewera pa phulusa la batire.

Boma lathu laonetsapo kale kuti likafuna lingathe. Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa m'maiko a kuno kumwera kwa Sahara pofika mu 2006, ndipo kafukufuku atapeza mtovu wochuluka mu penti zina zamafuta zogulitsidwa m'masitolo athu, bungwe la Malawi Bureau of Standards linayamba kukhwimitsa malamulo kwa makampani opanga penti. Khama lomwelo likufunika pa mabatire, chifukwa zoposa magawo atatu mwa anayi a mtovu wonse wogwiritsidwa ntchito pa dziko lapansi zimapita ku mabatire, ndipo a sola akuchulukirachulukira m'midzi chaka ndi chaka. Ndikupempha bungwe loteteza chilengedwe la MEPA kuti likonze dongosolo loti wogulitsa batire latsopano azilandira lakale ndi kuchotsera wogulayo ndalama pang'ono, popeza munthu amene akudziwa kuti batire lake lakutha lili ndi mtengo kusitolo sangaliswe ndi chikwanje. Unduna wa Zaumoyo uganizirenso zoika makina oyezera mtovu ndi kadontho ka magazi a pachala m'zipatala za m'maboma, ndipo alangizi a zaumoyo azifunsa amayi ku sikelo ngati kwawo kumaswedwa mabatire. Sabata yokumbukira kupewa poizoni wa mtovu imachitika kumapeto kwa Okutobala chaka chilichonse, ndipo ndingakondwe kumva uthenga wake chaka chino m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka pa mawailesi a m'madera, komanso pa misonkhano ya mafumu ndi makomiti a m'madooko kumene asodzi amakonzera maukonde awo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Salima