Liwombo la mdzukulu wanga

Mwana wanga,

Lamulungu lija ndinachoka kwanu ku Rosettenville mawu ali pakhosi. Ndinaona phala lakuda lija mwamata pamutu pa mwana, ndipo fungo lake ndinalimva ndisanamunyamule n'komwe, makala osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Sindinayankhule chifukwa bambo ake anali pomwepo, komanso mayi a khomo loyandikana nanu aja, amene anabweretsa mankhwalawo ndi mtima wabwino, anali akumwa tiyi pampando. Zina sitinena pamaso pa mkamwini ndi alendo. Ndiye ndikulemba usiku uno, gogo ndikuwasamalirawa atagona.

Ukudziwa kuti ndisanabwere ku Joni kudzasambitsa okalamba a eni ake, ndinali mzamba. Mitu ya makanda imene yadutsa m'manja mwangamu sindingaiwerenge, ndipo palibe ndi umodzi womwe unabwera wopanda liwombo. Si bala, si nthenda. Chigaza cha khanda si chikho chimodzi ngati chathu akuluakulufe. Ndi mafupa angapo opyapyala oyalidwa moyandikana ngati mapale, osagwirana. Ngakhale fupa la pachipumi limabadwa lili mbali ziwiri. Pobadwa mafupa amenewa amalowana pang'ono kuti mutu udutse panjira yopapatiza. Iwe mutu wako unatuluka wosongoka ngati papaya, bambo ako mpaka anandifunsa monong'ona ngati ukhala choncho mpaka kalekale. Sabata isanathe unali utabulungira wokha. Ntchito ina ya mipatayi ndi kupatsa malo ubongo, umene umakula pafupifupi kuwirikiza kawiri m'chaka choyamba chokha.

Mawombo amene umatha kuwakhudza ndi chala ndi awiri. Kakang'ono ka kunkhongo kamatseka pa miyezi iwiri kapena itatu, ambiri sakadziwa n'komwe. Lalikulu la pamwambali limatseka mwana akakhala pakati pa miyezi 12 ndi 18, ena mpaka kuyandikira zaka ziwiri. Wakoyu ali ndi miyezi 7, ndiye liyenera kukhala lotseguka. Kugunda kumene umaona pamenepo ndi magazi akuyenda motsatana ndi mtima. Pansi pa khungu pali chikopa cholimba ndithu, moti usaope kusambitsa ndi sopo kapena kupesa.

Agogo athu sindiwaseka ayi. Anaona zoona: mwana amene liwombo lake lalowa m'kati nthawi zambiri ankamwalira. Chimene anaphonya ndi gwero lake. Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, kawirikawiri chifukwa chotsekula m'mimba kapena kusanza. Ndikukumbukira khanda lina limene anabwera nalo panjinga dzuwa lili paliwombo, pepa mawuwo angobwera okha. Pamutu panali phala louma gwa, lokhuthala ngati chala. Amayi ake anati liwombo akulisamalira kale. Ndinanyowetsa thonje n'kuyamba kuchotsa pang'onopang'ono, ndipo pansi pake ndinapeza dzenje loti supuni n'kukhalamo. Maso olowa, milomo youma, kulira kopanda misozi, thewera louma chiyambire dzulo lake. Mitsempha ya m'manja inali itabisala, diripi tinaiika pa mtsempha wa m'mutu. Anachira, koma masiku awiri anatayika chifukwa chizindikiro chimene chikanawathamangitsa msanga chinali chitakwiriridwa. Ichi ndicho chandisowetsa tulo. Phalalo silitseka fupa, koma limatseka maso a mayi.

Ndiye tsiku lililonse pomusambitsa, mukhazike tsonga ali phee, upititse chala pamenepo. Pazikhala pafulati kapena polowa pang'ono chabe. Pakalowa kwambiri ndipo akutsekula, pitiriza kuyamwitsa, umupatse madzi a shuga ndi mchere uku mukupita ku kiliniki. Kwathu tinazolowera mapaketi a Thanzi. Kuno anamwino amaphunzitsa lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 8 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Pakatupa n'kulimba mwana asakulira, thupi likutentha, akukana bere kapena akungogona, usadikire kuche ngakhale ndi pakati pa usiku. Kumeneko kungakhale kutupa kwa zikopa zokuta ubongo, ndipo matenda amenewo sapereka nthawi.

Za mapepala ndikudziwa kuti ndizo zimakubweza m'mbuyo. Mu 2023 khoti lalikulu la kuno ku Johannesburg linagamula kuti amayi apakati, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera. Masiku ena pageti pamavuta, sindikukana. Ukabwezedwa pena, pita pena. Ku Rahima Moosa ku Coronationville ndi chipatala cha amayi ndi ana. Kabuku ka Road to Health kaja kasachoke m'chikwama, ndipo akamayeza mutu wa mwana ndi tepi uzifunsa kuti nambala ikuyenda bwanji.

Tsono popeza tayamba za mafupa, ndikuuzeko zina, paja kusukulu sayansi unkaithawa. Mwanayo ali ndi mafupa ambiri kuposa iwe. Khanda limabadwa ndi mafupa pakati pa 270 ndi 300, pomwe wamkulu ali ndi 206, chifukwa ena amagwirana n'kukhala limodzi. Fupa la mbali imodzi ya chiuno limayamba lili zidutswa zitatu, ndipo la kumunsi kwa msana ndi timafupa tisanu timene timadzamatana. Ambiri sayamba ali olimba. Ukamadya mwendo wa nkhuku, kumapeto kwa fupa kuli koyera koterera kaja kamene umakonda kukukuta. Khutu lako ndi nsonga ya mphuno ndi zomwezo. Mafupa a mwana m'mimba amayamba choncho, kenako n'kumalimba kuchokera pakati kupita kunsonga. Gwira bondo lake uone: kambale ka pabondo kakadali kofewa, kadzayamba kusanduka fupa akadzapitirira zaka ziwiri.

Chakunsonga kwa mafupa aatali, la ntchafu, la msongolo, a mkono, kumatsala kamzere kofewa, ndipo ndi pamenepo pamene mwana amatalikira. Timizereti timatseka pa unamwali, atsikana msanga, anyamata mochedwerapo, ndipo tikatseka msinkhu wathera pomwepo. N'chifukwa chake akadzayamba kuthamanga n'kugwa, akatupa pafupi ndi mfundo ya dzanja kapena pa kakolo, usalole munthu womuwongola kapena kumutsirika ndi mphini. Akajambulidwe, chifukwa kamzere kaja kakawonongeka mwendo umakula wopindika kapena waufupi. Ndipo uwauze bambo ake mwaulemu asiye kumunyamula pomukoka dzanja limodzi. Kasukusuku wa mwana sachedwa kuguluka.

China chimene chinandidetsa nkhawa ndi chipinda chanucho. Zenera limodzi, loyang'ana khoma la fulati ina, katani wotseka tsiku lonse, mwana m'mabulangete atatu. Kuzizira kwa June kuno ndikukudziwa, kumalowa mpaka m'mano. Koma fupa limalimba ndi kashiamu, ndipo thupi silitha kumutenga bwino m'chakudya popanda vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi dzuwa. Dzuwa lodutsa pagalasi siligwira ntchito imeneyi, ndipo ife akhungu lakuda timafunika nthawi yotalikirapo. Kumudzi zimenezi sitinkaziganizira, mwana ankakhala kumbuyo kwa amake kumunda. Kuno mwana angathe kutha mwezi osaona kunja. Zikatero mafupa amafewa, mfundo za manja zimakula, miyendo imachita matewe, ndipo liwombo lomwelo limachedwa kutseka. Uzituluka naye chakum'mawa kukayamba kufunda, kanthawi kochepa, manja ndi miyendo zili pamtunda, osati dzuwa lamasana lowotcha. Matewe apang'ono mwana akangoyamba kuyenda asakuopse, ambiri amawongoka okha pofika zaka ziwiri. Ongowonjezereka ndiwo opita nawo kwa dokotala.

Paphala lake uziikamo usipa wosinja ndi minga yake yomwe, nsinjiro, ndi masamba. Usipa ukasowa, nsomba za m'chitini za Lucky Star zili ndi minga yofewa imene imaphwanyika ndi foloko. Usaitaye, muli kashiamu momwemo. Bere lisaleke.

Nawenso udye. Mayi woyamwitsa amabwereka kashiamu m'mafupa ake, ndipo ngakhale amabwerera mwana akaleka kuyamwa, tiyi ndi buledi zokhazokha sizingakumange. Fupa ndi chamoyo, lili ndi mitsempha, m'kati mwake ndimo mopangidwa magazi, ndipo limagumulidwa n'kumangidwanso moyo wonse. Nkhokwe yake imadzaza mpaka cha m'ma 30, kenako timangotapa, makamaka ife amayi tikasiya kusamba. Gogo ndikuwasamalirawa anangoterereka pa kapeti, kugwa koti iwe ukanadzuka n'kuseka. Fupa la ntchafu, lalitali ndi lamphamvu kuposa onse m'thupi, linathyokera pakhosi pake m'chiunomu. Dokotala anandionetsa chithunzi chake, m'kati muli mabowo ngati nsungwi yofumbwa. Tsopano ndi ine wowatembenuza usiku maola awiri aliwonse. Iwe uli ndi zaka 26, amasi amagulitsa pa shopu iliyonse, ndi chambiko chomwechija.

Mayi aja usakangane nawo. Uwathokoze, unene kuti a ku kiliniki akufuna kuona mutu woyera poyeza, zomwe ndi zoona. Phalalo ulinyowetse kaye ndi mafuta pang'ono, lifewe, kenako madzi ofunda ndi kansalu, osakanda ndi chikhadabo. Lamulungu ndibwera ndi takisi yoyamba, ndipo ndamva kuti basi ya ku Lilongwe yabweretsa usipa, ndidzadzera ku Park Station. Mtondo waung'ono uja ukadalipo?

Ndine,
Amayi ako