Mwana wanga watengera kutukwana kwa osewera mpira a pa TV

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Nkhani yangayi ena aiona ngati yaing'ono, koma ine yandisowetsa tulo.

Bambo a kunyumba ndi sapota wa Manchester United wosachita kufunsa. Loweruka ndi Lamlungu pabalaza pathu pamakhala ngati pa sitediyamu, ndipo mwana wathu wachiwiri, wa zaka 10, sachoka pambali pawo. Mwezi watha anamuonetsa pafoni masewera akale a mu Epulo 2011, pomwe wosewera wa United, Wayne Rooney, anachinya zigoli zitatu ndipo United, yomwe inali itatsalira 2-0, inagonjetsa West Ham 4-2. Atachinya chachitatu, Rooney anayang'ana mu kamera n'kutukwana anthu dziko lonse akuonera. Bambowa anabwereza pamenepo katatu konse, akuseka mpaka misozi.

Sabata yatha kunabwera apongozi anga kuchokera ku Thyolo. Mwanayo akusewera chikulunga ndi anzake pabwalo, anachinya, n'kuthamangira pomwe agogo ake anakhala pamkeka akusenda mbatata. Atafika anatambasula manja n'kufuula mawu omwe aja. Agogo sadziwa Chingerezi, ndiye anamuombera m'manja n'kumululutira. Ine manyazi ake ndinachita kusowa poyang'ana, poti mayi oyandikana nafe, omwe ndi aphunzitsi, anali pomwepo akuyanika zovala.

Usiku nditawauza bambo ake, anati ndikukuza nkhani. Akuti za Chingerezizo si kutukwana kwenikweni, kutukwana ndi kwa Chichewa kotchula mayi wa munthu. Akutinso wosewera magazi akatentha pakamwa sipakhala loko. Ndinawafunsa kuti ngati zilibe kanthu, nanga bungwe loyendetsa mpira ku England la FA linamuletseranji Rooney kusewera masewera awiri? Izi anandiuza ndi mlongo wanga, yemwe ndi sapota wa Manchester City: chifukwa cha chilangocho Rooney sanasewere semifainolo ya FA Cup ku Wembley, ndipo United inagonja 1-0 ndi Manchester City. Apa anangoti zii, koma ndikuganiza kuti chinawawawa ndi chigoli chomwe Yaya Touré wa City anachinya tsikulo, osati zomwe ine ndimanena.

Kunena zoona, mbali ina ndimawamvetsa. Nanenso mawu amenewa sandilasa mtima ngati mmene amandilasira a kondakitala wa minibasi akamatukwana m'chiyankhulo chathu. Komanso anthu ngati Rooney, kaya katswiri wa mafilimu Will Smith yemwe anatukwana pa mwambo wopereka mphoto za mafilimu wa ma Oscar mu 2022 atamumenya khofi Chris Rock, ndi akuluakulu, zawo n'zawo. Chomwe chikundidya n'chakuti mwana wanga sanatukwane atakwiya. Anatukwana akusangalala. M'mutu mwake waika kuti umu ndi mmene katswiri amayankhulira akapambana, ndipo waphunzira zimenezi ali pamiyendo pa bambo ake.

Filimu ndimatha kuiona kaye ndisanawalole ana. Koma mpira amaonetsa pompopompo, mamaikolofoni ali m'mbali mwa bwalo, ndipo pomwe woulutsa akupepesa, mawuwo amakhala atalowa kale m'khutu.

Ndiye nditani, Azakhali? Ndikamuletsa kuonera mpira ndimulanda nthawi yokhayo yomwe amacheza ndi bambo ake, omwe masiku ena onse amafika ana atagona. Ndikafuna kumuuza tanthauzo la mawuwo, ine mayi ake ndiyambira pati? Sindinamumenye, chifukwa sakudziwa n'komwe chomwe ananena, koma ndikuopa tsiku lomwe adzakafuule chimodzimodzi kusukulu kapena ku Sande Sukulu. Nanga bambo akewa ndiwayankhule motani kuti andimve popanda kukangana? Kodi nkhani ngati iyi ndi yopita nayo kwa ankhoswe, kapena akangondiseka?

Ndithandizeni.

Mayi wodandaula,
Chilomoni, Blantyre